Mgolo Wachisanu ndi Chimodzi

Naini koloko usiku, dzuwa la ku Somerset likanali tsonga pampanda
ngati nalonso lagula tikiti.
Mumsipu wa a Vowles, momwe chaka chonse mumalira ng'ombe zokha,
mwamera mahema ngati bowa,
ndipo besi ikugunda pansi, di! di!
mpaka saida m'migolo yanga akuchita timafunde.

Mzere wakhota, wakafika kuseri kwa wootcha soseji.
Mtsikana wopaka zonyezimira m'masaya,
majombo ali matope okhaokha,
akufunsa kuti ameneyu ndi wa maapozi anji.
Ndikumtchulira ngati ndikuitana abale ku maliro:
Dabinett, Kingston Black,
ndi mtengo wina wopendama wa kuseri kwa khola
umene palibe anaupatsa dzina.
Akununkhiza, akutsinzina, akuti akumvamo utsi ndi chikopa.
Ine ndikumvamo msana wanga wa mu Novembala,
kutola zogwa m'udzu wachisanu, zala zitafa.

Mapaundi asanu ndi awiri kapu imodzi!
Bambo anga, a Wilf Chedzoy, akanaseka mpaka kutsamwa.
Iwo ankaupereka ulere kwa omweta udzu,
m'kapu yadothi yothyoka chogwirira,
ndipo mabala a m'tauni ankaukana,
ati n'chakumwa cha anthu onunkha ndowe.
Chaka chimene anansi anazula minda yawo ndi katapila
utsi wa nkhuni za maapozi unagona m'chigwa mwezi wathunthu,
wonunkhira bwino mochititsa manyazi.
Bambo anatseka geti ndi unyolo, nati zii.

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Ichi chabwera ndi ng'oma zake, ndi malipenga, ndi zimbudzi zapulasitiki.

Loweruka kunafika mkulu wa nsapato zoyera,
nandisiyira kakhadi:
kampani yake ifuna dzina lathu pabotolo, maapozi ipeza kwina.
Kakhadiko ndachirikizira mwendo wa tebulo.

Kenaka mvula, waa!
Magetsi thii, woimba watsala kukamwa yasa,
ndipo khamu lonse lathithikana muhema mwanga,
tsitsi lili chuchuchu, mapewa akufuka nthunzi.
Wina wayambitsa nyimbo, ena alandira molakwitsa mawu.
Migolo isanu yauma gwa.
Ine ndili kalikiliki ndi chenje,
osaona kuti Rufus, mwana wa mlongo wanga,
wakhomera mpopi pa wachisanu ndi chimodzi,
uja wolembedwa ndi choko, W.C.,
umene bambo anafinya komaliza, manja akunjenjemera,
ine nditawagwirira chitsulo.
Ndinangoubweretsa kuti nawonso amve nyimbo.

Pamene ndikutembenuka, makapu makumi atatu ali m'mwamba.
Ndikanakuwa.
Koma mnyamata wina wa ndolo pamphuno
wamwa, waima, wayang'ana m'kapu nthawi yaitali,
nafunsa: anapanga ameneyu ndani?

Ndawatchula dzina.
Iye walikuwa, hema lonse lalandira,
anthu osawadziwa, obadwa mitengo ya anansi itapsa kale,
akuimba Wilf, Wilf, Wilf, motsatira mvula.
Ndadzithirira wanga pang'ono.
Ngwowuma, womanga lilime, wosanyengerera,
kukoma kwake kumabwera mochedwa, utameza kale,
monga ankachitira mwini wake.
Wotsala ndathira m'matope.

Lolemba msipu wasanduka dazi.
Ana akutola makapu ndi zikhomo za mahema,
ng'ombe zaima pageti, zikudikira malo awo.
Ndakweza migolo m'vani; ikugubuduka, ikulira mphako.
Kunyumba maapozi akanali aang'ono, obiriwira, olimba ngati mfundo,
mavu sanayambe n'kuwazungulira komwe.
Ndatenga choko, ndaima pa mgolo uja.
Sindinafufute.
Ndangolemba m'munsi mwake zilembo zanga.