Mkonono

Ximena akuti m'nyumba muno zii wachuluka.
Amaimba foni Lamlungu lililonse ali ku Antofagasta,
akuti, Amayi, pezani kagalu,
ngati kuti kagalu ndi kansanza
kotsekera pamene mphepo ikulowera.

Ndatsika. Masitepe zana limodzi, khumi ndi awiri
kuchokera pakhomo panga, pa phiri la Cordillera.
Chikepe chafanso sabata ino,
bondo lamanzere likuwerenga nane limodzi.
Pansipo doko la Valparaíso lafunda chifunga,
sitima zikuitanizana osaonana.

Kwa mayi Leontina, kuseri kwa msika,
tigalu tiwiri tosiyidwa tili m'bokosi la mapeyala.
Kamodzi ndi kapagi, ka zaka zisanu ndi chimodzi:
nkhope ngati malaya oiwalika pansi pa sutikesi,
mphuno ngati inagunda chitseko ili paliwiro,
maso onyowa, opepesa
pa mlandu umene sikanapalamule.
Kenako ndi kachiwawa, ndipo dzina silinaname.
Kolemera ngati paketi ya shuga yoyamba kale,
koma kandiluma chingwe cha nsapato,
kakuuwa wailesi, kakuuwa mthunzi wake,
kakatero nkumanjenjemera.
Ndati, iwe, dziko lino limagwedezeka lokha,
makapu anga anathera pansi kawiri konse,
usandiikire chivomezi m'manja.

Dokotala wa ziweto, mnyamata wa ndolo kukhutu,
sanapsatire mawu.
Pagi, akuti, mpweya umamuvuta.
Januwale akatentha adzachita wefuwefu pamtunda,
mudzamunyamula, ndipo amanenepa,
makwinyawo muzipukuta tsiku ndi tsiku.
Chiwawa amalowa m'thumba la juzi,
sadya zambiri, kungoti amazizidwa, mano amavuta,
koma atha kukhala nanu zaka khumi ndi zisanu zina.

Wanena izi akumwetulira, ngati mphatso.
Ine zanga zakwana makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi.
Ndasoka madiresi aukwati moyo wanga wonse,
ndimayeza ndi diso lokha:
apa nsalu yatalika kuposa mwini wake.
Yotsalayo adzapinda ndani?
Ximena ali ndi ana atatu ndi mphaka.

Ndatsala pang'ono kunena kuti ndibweranso mawa,
mawa lija lothawira,
pamenepo kapagi katsamira phazi langa,
katseka maso, kayamba kuliza mkonono.

Ha! Nibaldo.
Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinkamubaya ndi chigongono,
tembenukatu bambo iwe,
udzutsa ndi ogona kumanda a ku Playa Ancha.
Ndinkafunda pilo kumutu, ndinkatukwana chamumtima,
tsiku lina ndinakagona m'chipinda chosokera
pakati pa madiresi a eni ake.
Miyezi khumi ndi inayi tsopano
ndimadzidzimuka pakati pa usiku
chifukwa palibe chondisokoneza.

Nzeru ikuti tenga chopepuka.
Bondo lavomereza. Dokotala wavomereza.
Kachiwawa kakundiyang'ana ngati wokhometsa msonkho.
Mayi Leontina akuti musakadandaule,
woyendetsa takisi wina akukafuna,
akuti kazimuuwira akuba.

Basi.

Tikukwera.
Pa sitepe ya makumi atatu kaima, lilime panja.
Nane ndaima, dzanja pakhoma lojambulidwa nsomba yobiriwira.
Anyamata a sukulu akutipitirira awiriawiri,
mmodzi wafunsa, Mayi, ndinyamule uti?
Ndaseka mpaka chifuwa.
Chifunga chayamba kung'ambika cha kunyanja,
zovala za anthu zikuuma pazingwe.
Palibe akutidikira kumtundaku,
mphika sindinasiye pamoto.

Dzina sindinakapatse.
La mwamuna wanga ayi, angandiseke kumene aliko.
Ndayala juzi lake lakale pafupi ndi bedi,
kazungulira katatu, kagwa ngati thumba la mbatata.

Ndazimitsa nyale.
Ndikudikira, chigongono chili chire.