Madontho Atatu

Ndinakagula pa Chitakale Lachiwiri,
kwa mnyamata woyala malonda pansi pa ambulera,
pakati pa mankhwala a makoswe ndi mabatire a tochi.
Kabotolo kopanda dzina.
Anati, "Kaya galu kaya mphaka, nthata ndi imodzi, bambo.
Madontho atatu pakhosi, mwathana nazo."
Ndinalipira. Ndinathokozanso.

Chiperoni (tinamutcha choncho
poti anabwera ndi mvula yamawawa,
wotuwa ngati nkhungu yotsika m'phiri)
anali pa thumba la nandolo, akunyambita phazi.
Ndinamugwira pomwe make ankamunyamulira.
Sanakane.
Limodzi. Awiri. Atatu.
Lachinayi linadzigwera lokha.

Usiku wonse kwee, kwee,
ngati wina akupala mphika wopserera.
Kutacha ubweya uli mbwee pamkeka,
pakhosi patuluka dazi lofiira
longa chitsekerero cha botolo,
lotentha, lochucha timadzi.
Khungu la pamsana likunjenjemera lokha
ngati madzi a m'ndowa pamutu pa mwana.
Nditatambasula dzanja anandionetsa mano,
nalowa kunsi kwa bedi.

Ine amene!
Zaka khumi ndi ziwiri mpope uli kumsana,
ndikupopera mizere ya tiyi kuyambira mbandakucha,
ine wa manja osupuka awa
amene sopo amawawa ngati tsabola,
ine woti ndimauza anyamata atsopano
kuti chopha tizilombo sichifunsa dzina.

Ndinamuika m'katoni, ndinaboola timabowo,
ndinapalasa njinga mpaka kuboma.
Pa mlatho analira kamodzi, kenaka zii,
ndipo ndinatsika kuti ndimvetsere ngati akupuma.

A Mukhito, alangizi a ziweto,
ananunkhiza kabotoloko, nakabweza kutali ndi mphuno.
"Izi n'zosambitsira ng'ombe. Mphaka si kagalu kakang'ono."
Sanandikalipire. Bola akanatero.
Anati madzi ofunda ndi sopo, katatu,
asanyambite, asakande,
akayamba kugwedezeka thupi lonse ndithamange naye.
"Nthatazo zambiri sizili pa iye,
zili m'mkeka ndi m'ming'alu ya pansi."

Ndinamusambitsa m'beseni lochapira.
Anandisiyira mizere inayi pamkono,
ndipo sindinadandaule, inali ngongole.
Ndinadula katoni ija n'kumuveka m'khosi,
akuyenda ngati mbusa wokwiya,
akugunda miyendo ya tebulo.

Fainesi anaimba kuchokera kusukulu.
Sanafunse za fizi, sanafunse za ine.
"Chiperoni ali bwanji?"
Ndinati ali bwino, akugona.
Lamya itaduka ndinaisunga m'manja nthawi yaitali.

Nkhanambo inauma sabata yachiwiri,
inagwa yachitatu.
Ubweya wabwerera, koma woyera,
kadontho ka ufa pa phulusa,
ndipo Fainesi akabwera adzakaona.

Kabotolo kaja ndakakulunga m'jumbo,
kali pamwamba pa khoma.
Kumtsinje ayi, amatunga anthu.
Kudzala ayi, amafukula ana.

Masiku ano amadya ndikachoka.
Dzulo, magetsi atazima,
ndinamva kulemera kwake kumapazi,
osati pachifuwa monga kale.
Mwendo unachita dzanzi.
Sindinausunthe.