Katoni ya Pansi pa Bedi

Yoyamba ndinagula pa depoti
ndi ndalama ya palafini imene amayi anandituma.
Usiku umenewo ku Chiputula tinadyera mumdima,
tsaya langa likuyaka ndi mbama,
kaseti ili m'thumba la kabudula,
yofunda ngati dzira longoikira.

Kaning'ina Jazi Bandi.
Anyamata asanu pachikuto, majekete obwereka,
Wongani Mzumara pakati, dzino lakutsogolo lobenthuka,
Chavula wa gitala kumapeto
akuyang'ana kumbali ngati wina wamuitana.

Tepi ndinkabweza ndi bolopeni
kuti mabatire asathe.
Akatha ndinkawayanika padenga
m'tauni ino momwe dzuwa limangosuzumira n'kutsanzika.
Tsiku lina wailesi inatafuna kaseti yachitatu,
ndinalumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa mlongo wanga.
Mpaka lero nyimbo ija ndimaiimba ndi chibowo pakati,
mawu atatu anatsalira pa lumo.

Zinakwana khumi ndi zinayi
m'katoni ya sopo pansi pa bedi.
Ina ndinasinthitsa ndi nsapato ku Luwinga,
ina ndinabwereka kwa Vitumbiko
ndipo Vitumbiko anapita ku Joni osaifunsa.
Mkazi wanga ankati:
mkazi mnzanga amagona pansi pathu,
sadya, koma ndalama amamaliza.

Kenako Chavula anachoka.
Akuti anakangana pa ndalama za pakhomo.
Pamalo pake panakhala kiyibodi
ndi ng'oma ya m'makina yosatuluka thukuta.
Anaimba za sopo pa wailesi,
anaimba za feteleza,
ndipo chaka cha zisankho ndinawaona pa lole ku Katoto
atavala malaya a nkhope ya munthu.
Nyimbo imene ndinafunsira nayo mbeta
anaichotsa dzina la mtsikana
n'kuikamo la wofuna uphungu.
Ndinabwerera wapansi, mvula yowaza ikulowa m'khosi.
Katoni ndinaikankhira kukhoma ndi phazi.

Nkhungu ya Mzuzu sithera panja,
imalowa m'nyumba, imamera pa zimene wasiya.
Mwana wanga Suzgika akuti zonsezo zingakwane
m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo.
Ndinamufunsa: nanga fungo lake?

Lachiwiri lapitali, pamzere ku chipatala cha Mapale,
mkulu wina wa chipewa choluka anatsokomola pambali panga,
kabuku ka matenda a shuga kali m'manja.
Anayasamula. Ndinazindikira dzino.
Ndinali ndi mawu amene ndinanola zaka makumi awiri
koma pakamwa panangotuluka: Mwawuka uli, adada?

Nditamuuza za katoni anawerenga pa zala,
zala zinatha, anayambiranso.
Khumi ndi zinayi? Tinajambula zambiri chonchi?
Ine ndilibe ngakhale imodzi,
zinapita ndi mwini nyumba pamodzi ndi matiresi.
Anakhala chete, mzere unasuntha benchi imodzi.
Yachitatu ija muli nayo?
Muli malo ena amene Chavula amaseka
asanayambe kuimba.
Tinamuika ku Zolozolo tisanalankhulane.

Ndinati ndikayang'ana,
ngati munthu amene sadziwa pomwe mtima wake amasunga.

Usiku ndinagwada, mawondo akudandaula.
Mphemvu zinabalalika ngati anthu gule akatha.
Ndinapukuta ndi thonje ndi sipiliti,
wailesi ndinakabwereka kwa mlonda wa pa chigayo.
Poyamba phokoso ngati mvula pa malata,
kenako kuseka kuja,
kumene ndinakumva kambirimbiri osakumvetsera,
kenako gitala.
Mkazi wanga anaima pakhomo ndi mbale yonyowa,
sanalankhule.

Sindinakhululuke za pa lole paja.
Kapena ndakhululuka, sindikudziwa.
Kaseti ndaikulunga m'jumbo, ili pa tebulo
tsiku lachitatu tsopano,
ndimaitenga, ndimaibweza.
Akuti amakhala ku Mchengautuwa, kuseri kwa tchalitchi chosamaliza.
Mawa ndikwera kabaza.
Ndikamupatsa,
koma ayambe wandiuza mawu atatu aja.