Mphuno Ziwiri za Mgodi

Bambo anga sankatseka zenera.
Mwera wa mu Juni uwombe pa Mwansambo
mpaka ana tizikukuta mano pamphasa,
iwo ankangoti, "Lisiyeni. Nyumba nayo imapuma."

Anapita ku Wankie ndevu zisanamere,
atanamiza kalaliki zaka zobadwa.
Piki sanawapatse. Anawapatsa chitseko
cha matabwa, pansi penipeni,
kumene kulibe tambala woti n'kunena kuti kwacha.
Ngolo ya malasha ikamveka, tsekula.
Ikadutsa, tseka msanga
kuti mphepo isasochere,
ikafike kwa amuna makumi anayi
okumba kumathero a njira.

"Mgodi uli ndi mphuno ziwiri," ankatero,
"ina yokoka, ina yotulutsa.
Pamwamba pa yotulutsayo chimkupizo chachitsulo
chimalira usana ndi usiku
mpaka khutu kuiwala kuti chilipo.
Phokoso siliopsa, mwanawe.
Choopsa ndi pamene chaleka."

Chinaleka kamodzi, Lachitatu.
Lawi la nyali ya kapitawo linagwada.
Twaibu wa ku Linga, amene ankawagawira chikonyo cha fodya,
anakhala pansi
ngati womanga zingwe za jombo.
Mpaka lero akumangabe.

Anabwerako ndi sutikesi, njinga yopanda belu,
ndi chifuwa cholavula mwaye.
Tsiku lina tinamata ndi matope
mabowo a chulu cha m'munda wa chinangwa.
Anatithamangitsa ndi mpini, ali wefuwefu,
kenako anagwada n'kumatsekula ndi chala, limodzilimodzi.
"Simukudziwa kuti m'munsimu muli anthu ali pa shifiti?"

Usiku wotsiriza, kuchipatala cha paboma,
makina a mpweya ankang'ung'udza pambali pa bedi.
Magetsi anathima.
Zii.
Ndinamva dzanja lawo likupapasa khoma,
kufuna chingwe cha chitseko
chimene chinawola kale m'dziko la eni.
Ananong'ona liwu limodzi.
"Tsekula" kapena "tseka," sindinamve bwino.

Ndinatsekula.
Udzudzu unalowa, ndi fungo la fumbi lolawa mvula.
Namwino ankafufuza tochi m'thumba.

Tsopano mwamuna wanga amadandaula za chimfine,
ana amafunda mpaka kumutu,
koma ine ndimadzuka pakati pa usiku
kukakankha zeneralo pang'ono,
mpata wa zala zitatu,
n'kuima pamenepo, kumvetsera
ngati onse makumi anayi akupuma.