Wonga Wopanda Utsi

Bambo anga, a Zuze Alufandika,
akawombera gogodela wawo kudimba,
utsi unkatsala chiimire pamwamba pa bango,
Makhanga yense n'kudziwa kuti a Zuze ayankhula.
Wonga ankausunga m'nyanga ya ng'ombe.
Panalibe wowafunsa dzina.

Mfuti yanga ine ili ndi nambala,
nambalayo ili m'buku,
bukulo lili kwa Sajeni Nyamithambo ku Nsanje,
ndipo wonga wa makono, wopanda utsiwu,
sagula ngati mchere.

Lolemba ndinawoloka pa Mtayamoyo,
chiphaso nditakulunga m'jumbo ya shuga.
Sajeni anachifunyulula ndi zala ziwiri.
Madzi a chaka chatha anali atanyambita chidindo,
dzina langa litatsala theka.
"Fandika ndiye ndani?"
"Alufandika, bwana. Alu anapita ndi Ruo."

Sanaseke. Anandiwerengera pa zala:
chiphaso chikhale chamoyo,
a zanyama zakutchire alembe chimene chikukudyera,
muyeso ndi womwe walembedwawo, osapitirira,
wogulitsa akhale wa m'kaundula,
ukafika kwanu ukautsekere m'bokosi la loko,
kutali ndi moto, kutali ndi ana.
"Bokosi uli nalo?"
"Ndinali nalo, bwana. Ndi nyumba yomwe."

Ndinafuna kumuuza za mvuu.
Ilibe chiphaso, siima pamzere,
sidikira wosayina abwere ku maliro.
Imangotuluka m'dambo mwezi ukalowa,
chimanga cha miyezi itatu
n'kuchimeta usiku umodzi.

Pobwerera, pa Bangula, pansi pa mtengo wa nimu,
mnyamata wa kapusi anandikodola.
"Madala, ulipo wa m'botolo. Wopanda mafunso."
Dzanja linafika m'thumba.
Kenaka ndinaona dzanja lina,
la mkulu wanga Jofilisi,
amene anathira wonga wosadziwika kwawo
mu mpope wakale wa bambo.
Lero amapatsa moni ndi zala ziwiri,
khasu amaligwira ngati wabwereka.

Ndinagula loko. Bokosi ndidzakhoma.

Usiku uno ndili pa nsanja,
mfuti yagona pambali panga ngati mlendo wodwala.
Udzudzu ukuyimba, madzi akutakasuka kumunsi.
Ndikumenya chigubu ndi mtengo,
ndikukuwa dzina la bambo,
mvuu yaima, ikundimvetsera,
ikutafuna.

Fomu akuti ibwera Lachisanu.
Sananene Lachisanu liti.