Chala Changa Chili ku Ngabu

Inki ya pachala inatha tsiku lachitatu,
nditatumbula milamba madengu awiri.
Ya papepala ija ikadalipo
m'kabati yachitsulo ku Ngabu,
kumene chala changa chimagona chokha
n'kumavomera zinthu ine kulibe.

Anati chiwongoladzanja n'chochepa.
Sanatchule ya fomu, ya inshuwalansi,
ya kuchedwa tsiku limodzi,
tsiku lomwe Shire analowa m'nyumba osanena odi
n'kutenga mbuzi, mphasa ndi kabuku ka malisiti.
Madzi anaphwa. Ngongole sinaphwe.

Lachinayi kunabwera mtsikana pa njinga yamoto,
fumbi la Bangula mpaka m'nsidze,
Esinta, wa ku ofesi yomva madandaulo.
Anaima pansi pa nimu wa pamsika
n'kutiwerengera lamulo ngati kalata ya m'bale wakutali:
wokongoza akhale ndi chiphaso,
anene yonse yobweza musanadinde,
m'chilankhulo chimene mumalotera,
ndipo pepala limodzi lipite nanu kwanu.

A Zuze odula nzimbe ku Nchalo anaseka chamumtima.
Khadi lawo la kubanki
lili m'thumba la wakatapila chaka chachiwiri.
Mwezi ukatha amaima kumbuyo kwake pamakina
ngati mwana woperekeza,
kudikira makombo a thukuta lawo.

Ine ndinakweza dzanja, lomwe lija.
Ndinati, mwanangu, lamulo lakoli limayenda chammbuyo?
Lingakafike ku Januwale,
likandipeze ndili pabenchi paja,
lindigwire pamkono ndisanadinde?

Sanayankhe msanga.
Anapukuta khosi ndi kampango,
dzuwa la kuno silisamala yunifolomu.
Kenaka anati, kukugwirani pamkono lachedwa, mayi,
koma pepala lija n'lanunso, kalifunseni.
Akakana, akakuopsezani ndi malata a padenga,
imbani apa.
Analemba nambala pa katoni ya sopo
ndipo ndinaimanga pamfundo ya chitenje
pamene kale pankakhala ndalama.

Mawa ndilawirira kusanatenthe.
Ya minibasi ndi milamba isanu ndi umodzi, ndawerenga.
Nditenga Dominga wa sitandade seveni,
maso ake amatola tizilembo tating'ono
ngati nkhuku pa mapira otayika.

Sindikupita kukalira,
ngongole ndikuidziwa, ndinadya ndine.
Ndikungofuna andionetse chala changa,
ndimve zimene chakhala chikulonjeza
miyezi isanu ndi inayi
ine ndili pamsika kuingitsa ntchentche.