Ndodo Zinayi za ku Makwasa

Inabwera pa ngolo ya thirakitala, chiperoni chili mbuu,
Fodi yakuda, yamsinkhu kuposa agogo anga,
makoswe atadya mpando, nkhuku itaikira kumbuyo.
A Mukhwapa anagogoda boneti ndi chala:
"Injini musaigwire, imalira bwino.
Muichotse mafuta m'miyendo basi."

Ndinakwawira kunsi.
Wina zaka zimenezo anailumikiza mapaipi a Pijo,
kumanga ndi waya wa mpanda,
mafuta akudontha ngati chimfine cha mwana.
M'mbali mwake mabowo anali yasa,
nkhama za munthu woguluka mano.

Ndinati, bwana, a mafuta amagwira msanga.
Anati, ndikudziwa.
Bambo anga anaitsuka zaka khumi ndi ziwiri osakweramo.
Loweruka lililonse ankagona pomwe mwagonapo
n'kumapaka girisi ndodo zinayi zachitsulo.
Ndikufuna zimene manja awo anagwira.

Zitatu tinazipeza m'shedi ya pa esiteti,
pansi pa madengu othyolera tiyi oboola matako,
dzimbiri litaziveka malaya ofiira.
Yachinayi inatiyendetsa milungu iwiri.
Tinakaipeza kwa mayi Nakhuwa, mkazi wa malemu mlonda,
itanyamula katani yotchinga kuchipinda.
Anakana ndalama.
"Mundigulire chitsulo china, ndipo ikadzuka
mudzandinyamule mpaka pa tchalitchi, anthu aone."

Masiku atatu m'parafini.
Kenako nsanza, burashi, sandipepa,
mpaka mizere ya boti inayamba kuoneka
ngati mizere ya tiyi nkhungu ikamayalula.
Mapini ndinasula ndekha ndi tupa,
chala chachikulu chikudziwa mtengo wake.
Nsapato za m'dilamu anandikhomera ku Limbe,
zinabwera pa minibasi, pamodzi ndi thumba la kabichi.

Mafuta ndi aulesi wabwino:
ukaponda, amadzigawa okha mofanana.
Chitsulo ayi.
Gudumu lililonse lili ndi mtima wake,
lina limafulumira, lina limachita ngati silinamve.
Waisoni akuponda pamwamba, ine kunsi ndi sipanala:
ponda!
siya!
Theka la kupotokola kumanzere,
lakumbuyo likadali kuseka,
ponda!
Khutu pa dilamu, kumvera kaphokoso kaja, shwee,
kamene kamati nsapato yapsompsona chitsulo
koma sinalume.
Dzuwa linalowa tili pa gudumu lachitatu.
M'mawa lachiwiri linali litasintha maganizo.

Tinaiyesa pa mtsetse wolunjika ku Nswadzi,
dothi lofiira, lonyowa, loterera ngati therere.
Othyola tiyi anaweramuka, madengu kumsana.
A Mukhwapa pambali panga, chipewa pamaondo,
mayi Nakhuwa kumbuyo, atati sadikira Sabata,
duku latsopano, manja onse gwa pa chitseko.

Ndinaisiya ithamange pang'ono.
Mitengo ya bulugamu inayamba kudutsa msanga,
mlatho ukukula, ukukula,
ndipo ndinaponda.

Palibe chondithandiza apa.
Mwendo wanga, bondo, msana mpaka m'khosi,
zonse zinatsikira m'ndodo zinayi zija,
ndinamva chilichonse chikukoka mbali yake,
ngakhale ya katani ija,
magudumu anayi akuyankha pakamodzi,
kwiii,
osakhotera ku ngalande, osakhotera ku tiyi.

Njii.

Fungo la nsapato zopserera.
Madzi a mtsinje akumveka kutsogolo.
Mayi Nakhuwa anati, "Basi? Bwerezani."

A Mukhwapa sanayankhe.
Anatsika, nagwada m'matope ndi buluku la suti,
nalowetsa dzanja kunsi, kumene kunali kotentha,
ndipo atalitulutsa linali lakuda ndi girisi.
Ndinawapatsa nsanza.
Anaiyang'ana, naibweza,
nakwera, dzanja lili mmwamba kuti lisakhudze kanthu.